Tsiku lomwe nyanja inakana kuzimiririka

Mlembi wanuyu ali ndi matenda amodzi omwe ngakhale kutentha kwa ku Karonga kwalephera kuwasungunula: akangomva kuti "ndani angathe?" mkono wake umakwera wokha. Mwezi wathawu mayi a kunyumba, omwe amapikula mpunga wa Kilombero cha ku Kaporo n'kumaulongedza m'timatumba ta makilogalamu 5, anadandaula kuti anzawo akuwalanda makasitomala chifukwa matumba awo ali ndi zomata zokongola. Mkuluyu sanadikire kufunsidwa. Anati imeneyo ndi ntchito ya theka la ola, laputopu ilipo, ndipo kompyuta anaiphunzira kalekale. Maphunzirowo anali a masabata awiri, ndipo sabata yoyamba magetsi kunalibe.

Ganizo lenilenilo linali labwino. Pansi pakhale chithunzi cha mpunga, pamwamba buluu wa nyanja, buluuyo azitsika akuzilala pang'onopang'ono mpaka mpunga uonekere. Odziwa amati gradient. Pulogalamu anasankha Inkscape, yomwe inatuluka mu 2003, pa chifukwa chimodzi chokha: ndi yaulere. CorelDRAW ya ku Canada ija, ya mu 1989, yomwe anyamata osindikiza makadi aukwati amaikonda, imafuna ndalama. Adobe Illustrator ya mu 1987 nayonso chimodzimodzi. Ndalama ndi mlembi wanu anasiyana kalekale popanda kukangana.

Mapulogalamu amenewa sajambula ngati kamera. Chithunzi cha pafoni ndi timadontho tambirimbiri, ndipo ukachikulitsa chimachita matuwatuwa. Chojambula cha vector ndi masamu: kompyuta imasunga pomwe mzere wayambira, pokhotera ndi pothera, moti ungachikulitse mpaka kutalika ngati Malawisaurus, chinyama chija chomwe chifanizo cha mafupa ake chinaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004, koma mizere ili gwa. Zimenezi mkuluyu anafotokozera mayi mokweza mawu kuti aneba amve.

Kenaka anaika dzuwa lofiira pamwamba pa madzi n'kunena kuti likulowa.

"Bambo a ana, dzuwa linayamba liti kulowa m'nyanja kuno?"

Zoonadi, ku Karonga dzuwa limatulukira kunyanja, kuseri kwa mapiri a ku Tanzania, n'kukalowa mbali ya ku Chitipa. Mlembi wanu anachiyang'ana chithunzicho kanthawi, n'kulengeza kuti kuyambira pamenepo dzuwalo likutuluka. Pa ntchito yonseyi, ndi chokhacho chomwe chinakonzeka msanga.

Chochititsa manyazi kwambiri n'chakuti Inkscape inali itachita kale zoyenera. Ukakoka gradient koyamba, pulogalamuyi imayamba ndi mtundu wako wathunthu n'kukathera pa mtundu womwewo koma woonekera kuseri. Mkuluyu ataona kuti kumapeto kulibe kanthu anaganiza kuti utoto waperewera, ndiye "anakonza" poikapo woyera. Patsamba loyera zonse zinaoneka bwinobwino. Atangolowetsa chithunzi cha mpunga pansi pake, mpunga wonse mbee, ngati wina wakhuthulirapo lichero la ufa.

"Kodi ndimagulitsa mpunga kapena ufa woyera?" anafunsa mayi, mofatsa moopsa.

Usiku wachitatu anagonja n'kuitanitsa mphwake, mnyamata wogwira ntchito pa kashopu kosindikiza mapepala mtawuni. Anabwera pa kabaza, ndipo wolipira anali malume.

"Malume, choyera si chopanda kanthu ayi. Laimu wa pakhomali ndi woyera, koma kodi mukuwaona aneba kuseriko? Chomwe mukufuna inu ndi galasi."

Mnyamatayo anatsegula pomwe pali mitundu n'kuonetsa kuti mtundu uliwonse uli ndi manambala anayi. Atatu ndi ofiira, obiriwira ndi buluu. Yachinayi, yolembedwa A, amaitcha alpha, ndipo imanena kuti mtunduwo ukuphimba zakumbuyo kwake motani. Ikakhala pamwamba, ndi khoma. Ikafika pa 0, ndi galasi. Anadina kamfundo ka kumapeto kwa gradient, n'kubwezerapo buluu yemweyo, n'kutsitsa A mpaka 0. Mpunga uja unatulukira ngati usipa ukaona nyali. Anachenjezanso kuti kumapetoko kusaikidwe mtundu wakuda, ngakhale A ili pa 0, chifukwa pakati pamachita litsiro lotuwa. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana ziwiri, ndipo mlembi wanu anagwedeza mutu nthawi yonseyo ngati munthu amene amangomuyesa mwanayo nzeru.

Potsanzika, mphwakeyo anati popeza iye mawa akupita ku Songwe, buluuyo, dzuwa lija ndi dzina la bizinesi zitumizidwe kwa mnzake wina wosindikiza, yemwe adzaziike pamwamba pa chithunzi chabwino cha mpunga. Anatsindika kawiri kuti fayilo ikhale PNG ndipo pa WhatsApp itumizidwe ngati document, osati ngati chithunzi. Panthawiyo malume anali akuwerenga chenji cha wakabaza.

Nkhani yake ili apa. PNG imasunga alpha, pomwe JPEG sidziwa n'komwe kuti alpha n'chiyani. Ukatumiza fayilo ngati chithunzi wamba, imapanikizidwa n'kusanduka JPEG, ndipo pomwe panali galasi pamadzaza zoyera kapena zakuda. Kwa mlembi wanu panadzaza zakuda. Wosindikizayo anaimba foni kufunsa ngati zilidi momwe akufunira, ndipo mkuluyu, osayang'ana n'komwe, anayankha kuti iye ntchito yake sabwereza. Zomata 100 zinatuluka: dzuwa lofiira, buluu pang'ono, kenaka mdima wa ndiweyani.

Mayi anatola chimodzi, n'kuchitembenuza, n'kuchibweza. "Poyamba munandipatsa ufa. Tsopano mpunga wanga wapserera."

Lero timatumba tija tikulembedwa ndi maka, pamanja, ndipo tikuyenda malonda ngati kale. Mlembi wanu anapatsidwa udindo watsopano wosankha miyala mumpunga, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi laputopu. Ngati alipo wina akufuna zomata 100 zakuda, mwina za bizinesi ya makala, amupeze pomwepo madzulo aliwonse. Mtengo tikambirana.