Ngongole ya timu ilibe mwini

Ku Mhangura, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, mpira unkadya za mgodi. Kampani ya kopa ndiyo inkagula nsapato, kulipira basi, n'kulemba osewera ntchito. Kumeneko n'kumene kunatchukira ana a kwa Chieza, mpaka Tendai Chieza anasankhidwa katswiri wa mpira wa dziko lonse mu 1970. Mgodi unatsekedwa mu 2000, chaka chomwe mapulazi a azungu anayamba kulandidwa, ndipo mathirakitala onyamula matimu a m'makomboni anapita ndi eni ake. Mpira unatsala, adzukulu a matchona a ku Nyasaland anatsala. Anasowa ndi wolipira basi.

Pitani lero ku msonkhano wa katimu ka m'mapulazi a kumeneko. Akomiti achuluka kuposa osewera. A tcheya alipo, achiwiri awo alipo, palinso bambo wina wa jekete amene udindo wake sudziwika koma pa chithunzi sasowa. Timu ikawina, aliyense amati "timu yanga". Mwini lole yonyamula timu akangotulukira pa geti ndi kabuku kake, imasanduka "timu ya anthu", ndipo a tcheya foni imawapeza pomwepo, ngakhale pamalopo netiweki sigwira.

Amene amandigometsa ndi a msungichuma. Ngongole ya lole inayamba kale, nthawi ya dola ya Zimbabwe. Iwo amatsegula kope losongoka m'makona, kunyowetsa chala, n'kuyamba kuphunzitsa mwini lole mbiri ya dziko. "Achimwene, a Gideon Gono a ku banki yaikulu anachotsa pa dola yathu maziro atatu mu 2006, khumi mu 2008, ndi ena 12 mu 2009. Maziro 25! Ndiye ngongole yanuyi mukaichotsa maziro amenewo, mwina ndinu muyenera kutibwezera chenji." Mwini lole amayankha mofatsa kuti dizilo wake sanachotsedwe ziro. Akuti alipidwe m'madola a ku America. A msungichuma akuti ZiG, ndalama yomwe inabwera mu 2024. Amagwirizana chimodzi: nkhaniyi ionedwe fodya akagulitsidwa.

Fodya ameneyu wasenza zambiri. Oyimbira mpira adikire fodya. Mayi ochapa majezi, amene akugula sopo ndi ndalama ya tomato wawo, adikire fodya. Okushoni ikatsegulidwa ku Harare, akomiti amapitadi ndi mabelo awo, amabwerako ndi sola ndi wailesi, kenaka amadandaula kuti mitengo chaka chino yavuta. Mayi aja amangoti, "Zikomo bambo," atagwada mwaulemu, n'kukatsekera majezi onse m'sutikesi. Kuyambira pamenepo timu imasewera ndi malaya osiyanasiyana, nambala zolemba ndi choko kumsana.

Osewera samanyanyala, poti sangasiye malipiro omwe sanawaonepo. Bonasi yawo ndi paketi ya maputi ndi Chibuku mmodzi wopatsirana anthu anayi. Goloboyi amagwira mpira ndi magolovesi opoperera mankhwala m'munda. Kochi amatchedwabe "a kochi" pa maliro ndi kutchalitchi, ndipo zikuoneka kuti malipirowo akumukwanira.

Pomaliza a tcheya amapempha kuti aliyense asonkhe dola imodzi. Apa akuluakulu amayamba kupapasa m'matumba, kutulutsa makiyi ndi mipango, wina amakumbukira kuti ng'ombe zalowa m'munda.

Inu a timu yobwera Lamulungu, mutenge mpira wanu pobwera. Wa kuno uli pa pinyolo ku golosale.