Rauta ndi Bambo Amene Anaigula

Rauta ndi kabokosi kamagetsi kamene kamalandira intaneti kuchokera kunja n'kuigawira mafoni, malaputopu ndi ma TV a m'nyumba popanda waya. M'Malawi muno zofala kwambiri ndi zolowetsa simu khadi ya Airtel kapena ya TNM, ndipo kang'ono kake koyenda nako m'thumba kamatchedwa MiFi. Chiyambire 2023 kunabweranso Starlink, yokoka intaneti ku masetilaiti kudzera pa mbale yoika padenga, koma imeneyo siikambidwa pano chifukwa bambo amene nkhani ino ikunena amangoionera pa madenga a anthu ena. Bambo ameneyu ndi wa mtundu wofala. Amadikira malipiro a pakutha pa mwezi, amakhala nyumba ya lendi ku Chilomoni, ku Kawale kapena ku Chibavi, ndipo amakhulupirira kuti poti anasinthapo babu ndi fyuzi ya ayironi, palibe chamagetsi chimene chingamuzunguze mutu. Mlembi wa nkhani ino ndi mmodzi wa abambo oterewa, ngakhale mayi a kunyumba kwake amati ndiye wapampando wawo.

Zifukwa zogulira rauta zimakhala ziwiri. Chonenedwa pa nthawi ya nsima n'chakuti ana azifufuzirapo za kusukulu, komanso kuti bandulo imodzi ya banja lonse ndi yotsika mtengo kusiyana ndi kugulira aliyense mayunitsi. Chosanenedwa n'chakuti aneba anagula kale yawo, ndipo mpira wa ku England sudikira munthu.

Kogula kulinso kuwiri. Kushopu ya kampani ya netiweki munthu amapatsidwa risiti, koma rauta zake nthawi zambiri zimakhala zokhoma, kutanthauza kuti zimakana simu khadi ya kampani ina. Kwina ndi m'timashopu ta ku Limbe kapena ta ku Malangalanga ku Lilongwe, mmene mumapezeka Huawei, ZTE, TP-Link ndi mitundu ina ya mayina ovuta kutchula. Bambo amasankha kwachiwiriku chifukwa kumanenereredwa mtengo, ndipo iye amadziona kuti ndi katswiri pa kunenerera. Mafunso oyenera kufunsa pamenepo ndi ochepa: kodi imalowa simu khadi, kodi imalola netiweki iliyonse, kodi imakoka 4G, nanga chaja yake ilimo m'katonimo? Iye amafunsa limodzi lokha, la kuchuluka kwa nyanga za rautayo. Wogulitsa akangoona zimenezo amatsitsa yanyanga zinayi n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi orijino, imakoka netiweki ngakhale kumudzi kwa agogo." Akatchedwa bwana kachitatu, ndalama zimatuluka zokha.

Vuto lake n'lakuti rauta zambiri zanyanga zinayizo zilibe polowetsa simu khadi. Zinapangidwira nyumba zimene intaneti imafika pa waya, ndipo kumbuyo kwake kuli timabowo ta mawaya basi. Bambo amazindikira zimenezi usiku, atatembenuza kabokosiko mbali zonse, atakaunika ndi tochi ya foni, ndiponso atayesa kukanula malo ena ndi mpeni wosendera mbatata. M'mawa mwake akabwerera kushopu amapeza chikwangwani chimene dzulo lake sanachione, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananenepo kuti phulalo munthu amalilipira kawiri. Rauta yachiwiri ikagulidwa pamatsala simu khadi, imene malinga ndi malamulo a MACRA iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Chiphasocho chimakhala chatsala m'thalauza lina.

Kulumikiza ku magetsi n'nkhani yaifupi kwa munthu wofatsa. Masoketi a m'Malawi ndi a mabowo atatu amakona, ofanana ndi a ku Britain, ndipo mphamvu yake ndi mavoti 230. Machaja ambiri obwera ndi katundu wa kunja ali ndi mano awiri obulungira, choncho pamafunika adaputa, imene mtengo wake ndi wochepa. Bambo saigula. Amatenga chivundikiro cha bolopeni n'kutokosa bowo lapamwamba kuti apansi atseguke, luso limene amalinyadira ngakhale lakhala likuwotcha masoketi ndi zala kuyambira kalekale. Choyenera kudziwanso n'chakuti rauta zambiri zimafuna mavoti 12, pamene machaja ambiri a laputopu amatulutsa pafupifupi 19. Mitu yake nthawi zina imalowana bwinobwino, ndipo kusiyana kwake kumadziwika ndi fungo.

Malo oikapo rauta ndiwo amabweretsa mkangano woyamba m'banja. Wi-Fi nthawi zambiri imayenda pa mafunde a mitundu iwiri: a 2.4 GHz, amene amafika patali n'kudutsako makoma koma amayenda pang'onopang'ono, ndi a 5 GHz, amene ndi achangu koma amafooka akangokumana ndi khoma. Njerwa zowotcha, konkire ndi zitsulo zimafooketsa onse awiri. Choncho akatswiri amalangiza kuti rauta ikhale pamalo okwera, poyera, chapakati pa nyumba, ndipo ngati ndi ya simu khadi iyandikire windo loyang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki. Bambo amafuna ikhale m'wadirobu ya kuchipinda, yokiya, poopa akuba. Mayi amafuna ikhale pa kabati ya pabalaza, pakati pa mbale za alendo, atayiphimba ndi kansalu koluka kuti isade ndi fumbi, osadziwa kuti kansaluko kamatseka timabowo totulukira kutentha. Kenaka pamabwera mwambo umene pafupifupi nyumba iliyonse inauonapo: bambo kuzungulira zipinda zonse rauta ili m'mwamba, ekisitenshoni ikukokeka pambuyo, mwana akutsatira ndi foni n'kumalengeza kuti "yakwera, yatsika, yasowa". Malo okoka bwino koposa amapezeka kuti ndi pa windo la kubafa.

Kutchera rauta kumafuna kuwerenga, ndipo apa ndi pamene ufumu wa pakhomo umayamba kugwedezeka. Kunsi kwa kabokosiko kuli kapepala komata kolembedwa dzina la netiweki, pasiwedi yoyambira, ndi manambala olowera m'kati mwake, monga 192.168.8.1 pa rauta zambiri za Huawei, kapena 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1 pa zina. Manambalawo amalembedwa pa foni pamalo olembapo maadiresi a intaneti, ndipo pa rauta zambiri zakale dzina lolowera ndi admin, pasiwedi yake admin yemweyo. Zonsezi zili m'kabuku kamene kanabwera m'katoni, koma kabukuko bambo anakaika pambali ponena kuti n'ka anthu ophunzira kumene. Iye amalemba manambala aja pa Google n'kumadabwa kuti akumuonetsa zinthu zina. Pakadutsa maola awiri amaitana mwana wa Sitandade 7, osati kuti amuthandize ayi, koma kuti "aone mmene zimakhalira". Mwanayo amamaliza ntchito yonse madzi a tiyi asanawire, bambo ataima kumbuyo kwake akugwedeza mutu n'kumati, "Eya, pomwepo, ndimati ndidine pomwepo." Kuyambira tsiku limenelo mwanayo satumidwanso kuchigayo.

Pasiwedi ya Wi-Fi iyenera kukhala ya zilembo zosachepera 8, ndipo yabwino ndi yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, yosakhudzana ndi moyo wa mwini wake. Bambo amalemba dzina la timu yake, Maule kapena Manoma, n'kuwonjezera chaka chimene anabadwa. Zonse ziwiri mudzi wonse umazidziwa, poti jeresi amaiyanika pa chingwe ndipo chakacho amachitchula pa mkangano uliwonse wa za kale. Ngakhale pasiwediyo ikhale yolimba, siikhalitsa. Imayenda ngati mchere wa pakhomo: mayi amapatsako aneba "kwa lero lokha", mwana amapatsako mnzake, mlamu amene anabwera kudzagona usiku umodzi amachoka nayo. Mafoni a Android a masiku ano amathanso kuionetsa pa kachithunzi ka QR, moti wolandira sachita kuiloweza. Zizindikiro zakuti yafalikira n'zosavuta kuona. Anyamata amayamba kukonda mthunzi wa kumpanda kwanu ngakhale dzuwa litalowa, ndipo amapereka moni waulemu kwambiri: "Mwaswera bwanji, madala?" Bambo amaganiza kuti achinyamata a masiku ano ayamba kusintha. M'kati mwa rauta muli tsamba loonetsa mafoni onse amene alumikizidwa, ndipo amene angalitsegule ndi mwana uja, amenenso theka la mafoniwo ndi la anzake.

Bandulo ya mwezi imatha sabata yoyamba, ndipo khoti la pabalaza limakhala pansi. Woyamba kuimbidwa mlandu ndi kampani ya netiweki, wachiwiri ndi ana, koma olakwa enieni sakhala pa mipando. Foni ikaona Wi-Fi imayesa kuti yapeza intaneti yaulere: imayamba kukonzanso mapulogalamu ake onse, kutumiza zithunzi zonse ku Google Photos, ndi kutsitsa kanema aliyense wa m'magulu a WhatsApp, kuphatikizapo gulu la mpingo, la kuntchito ndi la amene munaphunzira nawo ku pulayimale. Laputopu ya Windows imachita chimodzimodzi pokhapokha itauzidwa, pa malo olembedwa metered connection, kuti intanetiyo ndi yogula. Kanema wooneka bwino kwambiri pa Netflix amatha kudya magigabaiti 3 pa ola limodzi. Mpira umodzi ndi mphindi 90, osawerengera kupuma ndi zokamba za akatswiri, ndipo mfundo imeneyi woweruza mlandu saitchula, pazifukwa zake.

Zipangizo zina zimabwera pambuyo pake, chilichonse pofuna kukonza vuto la chinzake. Magetsi akamazimazima pamagulidwa ka UPS kakang'ono ka mavoti 12 kosunga rauta maola angapo. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, pamafunika choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ngakhale njira yodalirika ndi kuzula pulagi. Chipinda cha kumapeto chikakana Wi-Fi pamakokedwa waya wa Ethernet, umene umagwira bwino ntchito mpaka mamita 100 ndipo m'kati mwake muli timawaya 8 tamitundumitundu toyenera kusanjidwa mwadongosolo. Makoswe akauluma, bambo amaulumikiza ndi tepi yakuda monga amachitira ndi waya wa ketulo, n'kumadabwa. Za pulinta n'zosafunika kutalikitsa: inki yake ikatha zimadziwika kuti yatsopano mtengo wake ukuyandikira wa pulinta yomwe, ndipo banja limabwerera kokapulintitsa ku tauni.

Intaneti ikasowa, mankhwala oyamba ndi kuzimitsa rauta, kudikira masekondi 30, n'kuyatsanso, ndipo nthawi zambiri zimatheka. Achiwiri ndi kuona ngati bandulo ilipo. Kumbuyo kwa rauta kulinso kabowo kakang'ono kolembedwa reset, kamene kakadinidwa ndi phini kwa masekondi pafupifupi 10 kamafufuta zonse, dzina, pasiwedi ndi ntchito yonse ya mwana uja, n'kubwezera rauta mmene inachokera ku fakitale. Kabowoko anakabisa dala kuti kasadinidwe mwangozi. Bambo amakapeza, amabwereka phini ya mayi, ndipo amachita zimenezi sabata yomwe mwanayo wapita kutchuthi kwa agogo ake ku Ntcheu.

Zipangizo zakufa sizitayidwa. Rauta yanyanga zinayi ija, chaja yopsa, MiFi yotupa batire ndi mawaya osadziwika ntchito yake zimasungidwa m'katoni pamwamba pa wadirobu. Mayi akafuna kuitaya amauzidwa kuti muli zinthu zofunika kwambiri, ndipo banja likamasamuka katoniyo imakwera kutsogolo kwa lole, pamiyendo pa bambo.