Pakompyuta nyumba imatha tsiku lomwelo

Kale wojambula mapulani a nyumba ankakhala ndi thebulo lopendekeka, pensulo, lula ndi chofufutira. Akatha masabata akukoka mizere, mayi a pakhomo ankafika, kuyang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Khitchini ikhale mbali inayi." Munthuyo ankayamba wapempha madzi akumwa. Pulani yonse kuyambiranso.

Mu 1963 Ivan Sutherland anaonetsa ku MIT, ku America, pulogalamu ya Sketchpad, yojambula pa sikirini, koma kompyuta yake inali yodzaza chipinda. AutoCAD ya kampani ya Autodesk inatuluka mu 1982, yogwira pa kompyuta ya pa desiki, ndipo kuyambira pamenepo khitchini imasamuka ndi chala chimodzi. Mayi aja atamva zimenezi, tsopano amaisamutsa Lolemba, Lachitatu, ndi Loweruka usiku kudzera pa WhatsApp.

*

Mapulogalamu a ArchiCAD ya ku Hungary ndi SketchUp anabwera ndi msampha wina: amakuonetsa nyumba yothaitha, utoto waa, kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, pakhomo pataima galimoto. Bambo wina anasunga chithunzi chotere m'foni zaka zonse zomanga. Tsiku lolandira makiyi anazungulira nyumba kawiri, kenako anaitana wojambula uja pambali.

"Achimwene, ntchito mwagwira, sindikukana. Koma galimoto ija ili pati?"

"Galimoto iti, bambo?"

"Yofiira ija. Inali pa pulani. Ine ndinalipira pulani yonse."

*

Mapulani amenewa amalembedwa m'mamilimita, pomwe amisiri athu ena anakula ndi mafiti ndi mainchesi. Mmisiri wina wachikulire anatambasula pepala pamwamba pa diramu, kupsinja m'makona ndi zidutswa za njerwa, n'kuloza pachipinda chogona ndi chala cha simenti.

"Bwana, apa alemba 3000. Ndi njerwa kapena ndi ndalama?"

Atauzidwa kuti ndi mamita atatu, anagwedeza mutu, anapinda pepalalo bwinobwino, n'kuliika m'chipewa kuti lisade. Kenako anayeza ndi mapazi. Chipindacho chilipo mpaka lero, kungoti bedi anachita kulowetsera pawindo.

*

Musaseke amisiri athu okha. Katswiri wojambula mapulani Frank Gehry anajambulitsa nyumba yokhotakhota ya Guggenheim ku Bilbao, yotsegulidwa mu 1997, ndi CATIA, pulogalamu imene inayambira ku kampani yopanga ndege ya Dassault ya ku France. Dziko linaomba m'manja. Koma holo yake ya Walt Disney ku Los Angeles, yokutidwa ndi zitsulo zonyezimira, inkaponya dzuwa m'nyumba za anthu oyandikana nayo mpaka amisiri anakwera kukakwecha zitsulozo kuti zizilale.

Ya ku London ndiye inaposa. Nyumba ya nsanjika ya pa 20 Fenchurch Street, imene eni mzinda amaitcha Walkie-Talkie, ili ndi khoma la magalasi lolowa m'kati ngati mbale. Mu 2013, isanathe n'komwe, khomalo linasonkhanitsa dzuwa n'kulilunjika mumsewu, mpaka linasungunula mbali zina za galimoto ya Jaguar imene inaimikidwa pamenepo. Mtolankhani wina anabwera ndi chiwaya n'kukazinga dzira poyera. Akatswiri, makompyuta, ndalama zankhaninkhani, komatu m'dziko lodandaula za kusowa kwa dzuwa! Akanaimanga ku Nsanje, bwenzi anthu akuphikirapo nyemba.

*

Masiku ano kuli Revit, imene Autodesk inagula mu 2002. Mmenemo khoma si mzere chabe: limadziwa kukula kwake ndi zomangira zake, ndipo ukalisuntha pa pulani, zojambula zina zonse zimasintha zokha. Wojambula wina ankadzitama kwa mwini nyumba kuti pulogalamuyi imagwira paipi yofuna kudutsa mu bimu, fondeshoni isanakumbidwe.

"Zabwino zimenezo, achimwene. Ingathenso kuona kumene matumba a simenti akupita usiku?"

"Imeneyo ndi ntchito ya alonda, bambo."

"Alonda ake ati? Omwe aja angomaliza khonde kwawo?"