Malangizo kwa Wapampando Wofuna Kugwetsa Msonkhano wa Okonda Nkhani za Sayansi

Chaka chilichonse anthu okonda nkhani zopeka za sayansi, zija za zombo zopita ku nyenyezi ndi maloboti oganiza okha, amasonkhana mumzinda umodzi pa msonkhano wotchedwa Worldcon. Unayamba mu 1939 ku New York, ndipo kupatula zaka za nkhondo, 1942 mpaka 1945, sunadumphepo chaka. Palibe kampani imene ndi mwini wake. Amauyendetsa ndi anthu ongodzipereka, osalandira ndi khobidi lomwe, ndipo ngakhale olemba otchuka amagula umembala ngati wina aliyense, kupatula alendo olemekezeka. Apampando ambiri anagwira ntchito yawo bwino, n'chifukwa chake palibe amene akuwadziwa. Inu amene mwangosankhidwa kumene, ngati mukufuna kuti dzina lanu lizitchulidwabe zidzukulu zanu zitamera imvi, tcherani khutu.

Yambirani pakhomo. Msonkhano woyamba uja unali ndi anthu pafupifupi 200 okha, ambiri achinyamata, mu holo yotchedwa Caravan Hall, komabe wapampando Sam Moskowitz ndi anzake anapeza mpata wotsekera kunja anyamata 6 a gulu la Futurians. Anali atakangana kale pa ndale, ndipo tsikulo panapezeka timapepala tochenjeza anthu kuti okonza msonkhanowo ndi olamula mwankhanza. Luso lili pa kusankha womutsekera. Musataye nthawi ndi munthu woti mawa aiwalika. Moskowitz anakaniza Frederik Pohl, amene anadzakhala mkonzi wa magazini ya Galaxy, ndi Donald Wollheim, amene anadzayambitsa kampani yosindikiza mabuku ya DAW. Onse awiri anadzaitanidwa ngati alendo olemekezeka a Worldcon yomweyo, Pohl mu 1972, Wollheim mu 1988. Mukatsekera kunja munthu woti tsiku lina adzalemba mbiri ya moyo wake, dzina lanu adzalifalitsa yekha, inu osalipira kanthu.

Amene anasindikiza timapepala tija anali mnyamata wina, Dave Kyle, ndipo iyeyo analowa bwinobwino. Patapita zaka 17, mu 1956, Kyle ndi amene anali wapampando wa Worldcon mu New York momwemo, ndipo anaonetsa kuti wodzudzula ali panja sachedwa kuphunzira akapatsidwa makiyi. Komiti yake inalonjeza hotela anthu ambiri pa phwando la chakudya chamadzulo kuposa matikiti amene anagulidwa. Ena osagula tikiti anakwera pakhonde la m'mwamba, osati kukadya, koma kuti amve chabe zolankhula za Al Capp, wojambula makatuni. Kunapita uthenga wakuti a Dave Kyle akuti simungakhale pano. Mawu amenewo anasanduka nthabwala ya okonda nkhanizi, ndipo Kyle anayenda nawo mpaka imfa yake mu 2016, ali ndi zaka 97. Ndalama zinalowa m'madzi, inde, koma ndi wapampando uti wa m'zaka za m'ma 1950 amene amatchulidwa kuposa iye?

Komiti isakuvuteni. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya ukwati amadziwa kuti pa msonkhano woyamba pamabwera anthu makumi atatu, pa tsiku lonyamula mipando n'kutsala anayi. Apa n'chimodzimodzi, kungoti ukwati wake ndi wa masiku asanu, alendo ake masauzande, ndipo aliyense wa iwo anawerenga malamulo. Choncho ntchito zonse zikhale m'manja mwanu. Zakuti mutu umodzi susenza denga ananenera anthu a mitu yaing'ono. Msungichuma akhale mnzanu wapamtima amene amadana ndi malisiti, chifukwa kufunsana malisiti kumadanitsa. Mapasiwedi onse asunge munthu mmodzi, makamaka uja amakwiya msanga. Kuli msonkhano wina wapachaka wotchedwa Smofcon, kumene okonza misonkhano yotere amakaphunzitsana za mabajeti, mahotela ndi kagawidwe ka zipinda. Musapiteko. Mukamva za zolakwa zonse zimene ena anachita kale, ndipo mudzasowa chodzitetezera.

Pa chiwerengero cha anthu pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyembekezera ochepa. Ku Helsinki mu 2017 kunafika anthu ambiri kuposa amene zipinda zikanatha kulandira, mizere inadzaza m'makonde, zitseko zinkatsekedwa ena ali panja, mpaka kugulitsa matikiti a tsiku limodzi kunachepetsedwa. Koma komiti ya kumeneko inaononga zonse pofunafuna zipinda zazikulu msonkhano uli mkati, ndipo anthu anabwerera kwawo akuyamikira. Njira imeneyi ndi yosadalirika.

Yachiwiri ndiyo ya akatswiri: kuyembekezera chinamtindi chimene kulibe. Pano mphunzitsi wathu si Worldcon koma DashCon, msonkhano wa achinyamata okonda mafilimu, mabuku ndi makatuni amene ankadziwana pa tsamba la pa intaneti la Tumblr. Unachitika mu July 2014 pa hotela ina yaikulu ku Schaumburg, kufupi ndi Chicago. Okonza ake ankawerengera anthu masauzande angapo chifukwa pa intaneti ambiri anali atalonjeza kubwera, ndipo lonjezo la pa intaneti, monga mukudziwa, ndi ndalama ya m'thumba. Lachisanu usiku, tsiku loyamba lenilenilo, anasonkhanitsa anthu mu holo n'kuwauza kuti pakufunika madola 17,000 usiku womwewo, apo ayi hotela itseka zitseko. Thumba linayenda, ena anatumiza pa PayPal, ndalama zinakwana. Taonani kukoma kwake: munthu walipira tikiti, walipira ulendo, walipira chipinda, kenako akusonkhanso kuti msonkhano umene walipira kale usathe. Kulibe njira ina yopangitsira mlendo kudzimva kuti msonkhano ndi wake.

Mawa lake ochita sewero la pa intaneti la Welcome to Night Vale, amene ambiri anabwerera, ananyamuka osachita kanthu chifukwa malipiro awo sanaoneke. Alendo ena oitanidwa anapeza kuti zipinda zawo za pa hotela sizinalipiridwe. Apa ndi pamene komitiyo inasiya ena onse m'mbuyo. M'chipinda china chachikulu, chopanda kanthu, munali kadziwe kopopa ndi mpweya kodzaza timipira ta pulasitiki, konga kosewereramo ana. Anthu amene analipira mwapadera kuti akhale kutsogolo pa sewero lija anauzidwa kuti, mwa zina zowapepesera, apatsidwa ola limodzi loonjezera m'timipiramo. Chithunzi cha kadziweko chinazungulira dziko lonse. Chipepeso chabwino chimayenera kukhala chinthu chimene wolakwiridwayo sangagulitse, sangadye, ndipo sangaiwale.

Ndondomeko ya zochitika ndi yosavuta. Olemba awiri okondedwa kwambiri aikeni ola limodzi, m'nyumba ziwiri zotalikirana. Wotchuka kuposa onse mumupatse kachipinda ka mipando makumi awiri, holo yaikulu ipite kwa mlamu wanu amene ali ndi maganizo pa za ulendo wa ku Mars. Pa tebulo la olankhula asanu pakhale maikolofoni imodzi, ndipo woyendetsa zokambirana akhale munthu amene wangotulutsa kumene buku lake. Nsanja ikhale ya masitepe okhaokha, kuti wolankhula woyenda pa njinga ya olumala alankhulire pansi anzake ali pamwamba. Wolemba wa ku Lagos kapena ku Lilongwe akapempha kalata yomuthandiza kupeza visa, muyankheni sabata ya msonkhano, ndipo muonjezere kuti mukumudikira ndi chimwemwe.

Ngati ofuna kulankhula achuluka, tengerani ku Seattle. Mu 2025 komiti ya Worldcon ya kumeneko inaulula kuti inagwiritsa ntchito ChatGPT pofufuza mbiri ya anthu ofuna kukhala pa matebulo a zokambirana. Anthu atatu oyang'anira za mphoto za msonkhanowo anatula pansi maudindo, ndipo komiti inapepesa n'kuyambiranso kufufuzako ndi anthu. Pa magulu onse a padziko lapansi, anasankha kuyesera zimenezi pa gulu limene lakhala zaka zambirimbiri likuwerenga za makina onamiza anthu, komanso limene mabuku ake anadyetsedwa ku makina otere popanda chilolezo. Kulimba mtima kotere sikugulidwa.

Tsopano mphoto za Hugo, mtima wa msonkhano wonse. Zinayamba kuperekedwa mu 1953 ku Philadelphia, dzina lake n'lochokera kwa Hugo Gernsback amene anayambitsa magazini ya Amazing Stories mu 1926, ndipo chikho chake ndi roketi yachitsulo. Amavota ndi mamembala, ndipo mwambo wake ndi wakuti ziwerengero zonse zimatulutsidwa poyera kuti aliyense aziwerengera yekha. Chuma chokha chimene mphotozi zili nacho ndi chikhulupiriro cha anthu, ndiye muli ndi chinthu chimodzi chokha choti muphwanye.

Mukhoza kuyamba pang'ono, ndi mwambo woperekera. Mu 2020 msonkhano wa ku Wellington unachitikira pa intaneti chifukwa cha Covid, ndipo woyendetsa mwambo anali wolemba George R. R. Martin. Mwambowo unatenga maola oposa atatu. Martin anakhalitsa pa nkhani za makedzana, makamaka za mkonzi John W. Campbell, amene dzina lake linali litangochotsedwa chaka chapitacho pa mphoto ya olemba atsopano chifukwa cha maganizo ake atsankho. Mayina angapo a opikisana anatchulidwa molakwika, ngakhale kuti eni ake anali atafunsidwa kale katchulidwe kake. Chinsinsi ndi chimenecho: funsani, landirani yankho, kenako musalipereke kwa wolankhula.

Mmodzi mwa opambana usiku umenewo anali wolemba R. F. Kuang, ndipo ndi iye yemwe akutifikitsa pa phunziro lapamwamba. Mu 2023 Worldcon inachitikira ku Chengdu, ku China. Buku la Kuang lotchedwa Babel linali litapambana kale mphoto za Nebula ndi Locus, koma pa mndandanda wa Hugo silinaoneke. Ziwerengero zinasungidwa mpaka January 2024, ndipo zitatuluka zinaonetsa kuti bukulo linali ndi mavoti okwanira koma linalembedwa kuti n'losayenera, popanda chifukwa. Zomwezo zinagwera olemba Xiran Jay Zhao ndi Paul Weimer, komanso gawo limodzi la sewero la pa TV la The Sandman. Anthu atafunsa, yankho linali lakuti malamulo atsatidwa. Lamulo liti? Malamulo atsatidwa. Mwezi wotsatira makalata a mkati mwa komiti anatulukira, oonetsa kuti ena mwa oyang'anira mphoto, ochokera ku America ndi ku Canada, ankafufuza zimene olemba ananenapo zokhudza China. Kumbukirani mfundo zake: chotsani mwakachetechete, chedwetsani ziwerengero, yankhani funso ndi mawu omwewo kangapo, ndipo zonsezi muzilemberane pa imelo kuti umboni usasowe. Musachite za ku Glasgow mu 2024, kumene anapeza mavoti 377 achinyengo, n'kulengeza okha mwambo usanachitike, ndi kufotokoza mmene anawadziwira. Nkhaniyo inazizira msanga, ndipo lero ndi ochepa amene amaikumbukira.

Za moyo wanu inuyo musade nazo nkhawa, chifukwa udzatha wokha. Munalowa m'zimenezi chifukwa chokonda kuwerenga, ndipo kwa zaka ziwiri simudzatsegula buku lina koma la maakaunti. Wolemba amene munkalota kudzamuona mudzakumana naye kamodzi, pa chikepe, akukufunsani kumene kuli chimbudzi. Akale m'misonkhanoyi ali ndi lamulo lakuti pa tsiku munthu agone maola 6, adye kawiri, asambe kamodzi. Limeneli ndi la alendo. Wapampando weniweni sagona, amakhalira khofi, ndipo zosankha zikuluzikulu amapanga tsiku lachinayi, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, wailesi ya m'manja ikulira pa phewa. Ongodzipereka akatopa, akumbutseni kuti inuyo mwatopa kuposa iwo. Musawathokoze pagulu, angazolowere. A kunyumba auzeni kuti chaka chamawa simudzachitanso, ndipo muwauze chaka chilichonse.

Pa tsiku lomaliza pamakhala nthawi yoti mamembala anene madandaulo awo. Ikani nthawiyo m'mawa kwambiri, m'chipinda chimene sichili pa mapu, ndipo mutumeko wachiwiri wanu. Lipoti la ndalama lizikhala lakuti likubwera.

Mzinda wochititsa Worldcon umasankhidwa pa voti zaka ziwiri pasadakhale, ndipo opikisana amakopa ovota pochititsa maphwando m'zipinda za hotela, choncho nthawi yoyamba kuononga ndalama ndi inoyo. Malamulo amafuna kuti muonetse umboni wa mgwirizano ndi eni malo ochitira msonkhano. Sainani lero, abwana wapampando. Mudzauwerenga Lachisanu usiku.