Galu wamkota sayetsemulira pachabe

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu anaupeka kulibe WhatsApp. Lero galu akangoyetsemula pakhomo, mwini wake amamujambula n'kuponya pa gulu la abale. Pasanathe mphindi zisanu, amalume a ku Johannesburg agamula kale kuti ndi korona, azakhali akuti amulodza, wina akuti mum'patse Panado. Galu mwiniwakeyo palibe wamufunsa.

Akanamufunsa, akanaulula kuti m'mawa anali kugombe ku Linga, mutu uli pansi pa thandala la usipa. Galu amayenda ndi mphuno, ndipo kuno ku Nkhotakota mphunoyo sipuma. Mwera ukayamba mu Juni umaulutsa mchenga. Amayi akamawamba chambo ndi kampango, utsi uli tolotolo. Kuchigayo cha mpunga kuli fumbi la mankhusu. Nkhungu zikatera kumtunda, ife timakola ndiwo, iye amangokokera m'mphuno. Kuyetsemula kotere n'kusesa m'nyumba basi, ndipo ena amayetsemula ngakhale posewera. Chimfine chanucho nthawi zambiri sichimugwira, musadziimbe mlandu.

Koma mwambi uja uli ndi mano. Galu akamayetsemula mosalekeza, uku akukanda mphuno, mamina akutuluka mbali imodzi, mwina kanjere ka udzu kakakamira m'kati, kapena dzino lawola mpaka kumuzu, makamaka mwa amkota enieniwo. Kamfuno nthawi zina amadza ndi matenda a nkhupakupa. Yoopsa ndi distemper: mamina olimba achikasu, manthongo, chifuwa, kukana nsima ngakhale yonyika mu msuzi wa usipa, kenako kuphupha. Imamaliza ana agalu ambiri. Katemera wa chiwewe amene timakabayitsa uja sateteza nthendayi. Ili ndi katemera wakewake, amene ambirife sitinamumvepo, poti galu wa pakhomo timamukumbuka pakati pa usiku, nkhuku zikalira m'khola.

Ndiye akayetsemula kawiri n'kugwedeza mchira, inu kawerengeni usipa wanu, mlandu uli kumeneko. Akagona tsiku lonse osadya, mamina ali chuchuchu, tsekani foni. Brufen ndi Panado zimatha kuwononga impso ndi chiwindi cha galu. Pitani naye kwa alangizi a ziweto, ndipo ngati ali ndi ana, muwapatule msanga.