Bondo langa latunga madzi

Amuna a kuno ku Kande timadziwa zoopa: mwera ukakwiya panyanja, ng'ona ya m'bango, ndi mwini grosale amene uli naye ngongole. Koma zoti bondo la munthu lingatunge madzi lokha popanda chidebe, palibe anandichenjezapo.

Zinayambira ku malipenga. Guleyu anabwera ndi makolo athu amene ankatsanzira perete wa asilikali nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, ndipo mpaka lero amavinidwa mwaulemu wake: kabudula woyera wositasita, sokosi zofika m'maondo, phazi kulinyamula mwachifatse ngati dziko lonse ndi lako. Ine zaka zanga zinadutsa 50 kalekale, koma nditaona amayi a ku Chintheche akulira nthungululu, ndinaiwala zonse n'kutembenuka mwachinyamata. Thupi linatembenuka ndithu. Bondo lakumanja linatsala likuyang'ana kumene tinachokera.

Kutacha linali litatupa moti buluku la suti linakana kudutsa. Kwa mwamuna wa ku Nkhata Bay, kudwala n'kwina, koma kulephera kutchena ndiye maliro enieni.

Madokotala a m'mudzi sanachedwe. Alamu anga analiyang'ana kamodzi kokha n'kuweruza: "Alamu, apa mwaponda zinthu. Winawake m'boma lanu la malipenga sakukondwa nanu." Azakhali anabwera ndi lumo kuti anditeme mphini, madziwo apeze potulukira. Msuweni amene anabwera kuchokera ku Joni anandipatsa mafuta opaka otentha kwambiri, akuti kumeneko amapaka mabwana okhaokha. Mayi a kunyumba nawo ankalithowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, bondo n'kumangonenepera. Tangoganizani, Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, mankhwala a chipatala akhala nafe kuno nthawi yonseyi, koma ine dokotala wanga woyamba akadali mlamu wogulitsa usipa.

Nditayamba kupita kuchimbudzi mogwira khoma, ndinakwera minibasi pa M5, mwendo uli tantha pakati pa mabeseni a nsomba, kondakitala akufuna ndilipirire mipando iwiri. Ndinadzitonthoza pokumbukira anzanga a ku Usisya, amene bondo likatupa amasankha pakati pa kudikira Ilala ndi msewu wa m'mapiri uja.

Kuchipatala ndinakumana ndi mnyamata woona za mafupa, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Achipatala oterewa dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo ndiwo amagwira mafupa a anthu ambiri m'maboma. Anadina kafupa ka pamwamba pa bondo, kanamira n'kuyandamanso. "Ada, muli madzi," anatero. Ndinamuuza kuti sindinalowe m'nyanja sabata yonse. Sanaseke. Anafotokoza kuti m'bondo mumakhala kale timadzi toterera tofewetsa mafupa pokumana, ndipo m'katimo mukavulala kapena kukwiya, thupi limapanga ochuluka. Choyambitsa chikhoza kukhala kubinya mtsempha, kung'ambika kwa chichereŵechereŵe, nyamakazi ya ukalamba, gauti, kapena tizilombo, ngakhale ta TB. Pa mawu akuti ukalamba anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Kenako anatulutsa jakisoni. Ine amene ndinali nditauza pamzere ponse kuti ndinakwerapo bwato mwera uli pachimake, ndinapempha kuti ayambe aitana mayi a kunyumba. Anapukuta khungu ndi mankhwala, nabaya m'mbali mwa bondo, n'kuyamba kupopa. Munatuluka madzi achikasu ngati mafuta ophikira a m'timapepala. Akuti mtundu wake umanena zambiri: ofiira ndiye kuti china chang'ambika n'kutaya magazi, a mbuu ngati mafinya ndiye tizilombo. Apa anasiya nthabwala zonse. Bondo likatupa, n'kutentha, n'kufiira, thupi n'kutenthanso, mwendo n'kukana kuponda, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya amawononga bondo m'masiku ochepa. Nditatchula za lumo la azakhali, anati mphini sizifika kumene kuli madziwo, zimangotsegulira tizilombo khomo.

Ndinaona kupepuka pompo, ndipo ndinafunsa ngati ndingavine Loweruka. Anati kupopa kumachotsa madzi, osati chimene chawabweretsa, ndipo ndikachita makani adzabweranso. Malamulo anali awa: kupumitsa mwendo, kuukweza pamwamba pogona, kumanga bandeji mosathina kwambiri, ndi kuika ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20. Bondo longovulala kumene limafuna kuzizira, osati kuthowa kwa mayi kuja. Brufen ndimwe nditadya, ndipo wa zilonda za m'mimba asamuyandikire. Kutupa kukachepa, ndiziwongola mwendo n'kumaukweza kuti minofu ya ntchafu ilimbe. Anawonjeza kuti akanapeza gauti akanandiletsa mowa, chiwindi ndi nsomba zina monga sadini. Sindinafunse ngati usipa uli pachibale ndi sadini. Pali mafunso ena amene munthu wodya kondowole safunsa.

Ayezi kwathu kulibe, choncho ndimagula mafirizi awiri kwa mayi wa pamsika n'kumangirira pabondo. Adzukulu amakhala mondizungulira, maso ali pa wotchi, kudikira kuti mphindi 20 zikwane amwe mankhwala a agogo.

Choopsa ndi chakuti mayi a kunyumba anamva zonse zimene anandiuza, ndipo anazindikira kuti palibe lamulo lokhudza manja. Panopa ndimakhala pamkeka, mwendo uli pampando, kutsogolo kwanga kuli mulu wa chinangwa choti ndisende asanakachiviike. Dzulo mfumu ya boma lathu la malipenga inatuma mnyamata kudzandizonda. Anandipepesa mwaulemu wonse, kenako anafunsa ngati kabudula woyera ndi sokosi zija ndikuzigwiritsabe ntchito.