Ndasanduka wosindikiza mabuku

Kuno ku Dowa zolembalemba sitinayambe lero. Mishoni ya Mvera inakhazikitsidwa mu 1889, ya Kongwe n'kubwera pambuyo pake, ndipo mphunzitsi Samuel Nthara anatulutsa buku lake la Nthondo mu 1933, azungu mpaka kulimasulira m'Chingerezi. Ndiye mwana wa mchemwali wanga atandiuza kuti kuli maphunziro opanga timabuku tosoka pamanja, timene iwo akuti zine, ndinati magazi a Nthara andiyitana. Chinanso chomwe chinandiyitana, mokweza mawu pang'ono, n'chakuti m'dziko muno maphunziro amayenda ndi alawansi. Tsikulo alawansi kunalibe. Kunali mapepala, sizasi ndi chigubu cha thobwa.

Wophunzitsa anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ananyamula pepala limodzi la A4, kulipinda pakati, kulipindanso, kenaka kachitatu. Atalifunyulula panaoneka tizigawo 8. Anadula mzere wapakati, koma pa tizigawo tiwiri tam'katimo tokha, nakankha m'mbali zonse, pepala lija n'kuyasamula, n'kudzipinda lokha kukhala kabuku. Popanda guluu, popanda sitepula. Ndinayang'ana m'manja mwake ngati anatema mphini.

Msampha uli pa kalembedwe. Pepalalo likadali chifunyululire, tsamba 1 limagundana ndi tsamba 8, ndipo tizigawo tinayi tam'mwamba timalembedwa chozondoka. Anatiuza zimenezi momveka bwino, koma ine nthawiyo maso anali pa chigubu. Ndinangolemba kuchoka kumanzere kupita kumanja monga anandiphunzitsira aphunzitsi a Sitandade 1. Kabuku kanga katapindidwa, wowerenga amayenera kumakazunguza ngati chiwongolero cha minibasi yotsika chitunda cha ku Mvera.

"Bambo, musadandaule, ena amachita dala zimenezi," anatero mtsikanayo.

Ndinamuuza kuti nanenso ndachita dala.

Titafika pa zosoka ndinakhala tsonga, chifukwa apa ndiye panali pamunda panga. Kabuku kokulirapo amasanjikiza mapepala opinda pakati, n'chifukwa chake masamba amayenda anayianayi: 8, 12, 16. Pamsana amaboola mabowo atatu. Singano imalowa pabowo lapakati, kutulukira lam'mwamba, kulumpha mpaka lam'munsi, kubwereranso pakati, n'kumanga mfundo. Basi. Munthu amene wakhala akusoka mabelo a fodya chiyambire unyamata wake angaope zimenezo? Tisingano tawo tija ndinatikana. Ndinasolola yanga yosokera chiguduli, pamodzi ndi thwaini, ndipo ndinakoka momwe timakokera belo kuti lisaphulike panjira ya ku Kanengo. Kabukuko sikadzasosoka mpaka kalekale, zimenezo ndikulumbira. Kungoti sikatseguka bwino, komanso pabowo lapakatipo ukaikapo diso ukuliona phiri la Ntchisi lonse.

Koma chimene chinandivula zenizeni si singano. Ndi choti ndilembemo. Pagululo panali anyamata ochokera ku Dzaleka, kumsasa kumene kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, komwenso Menes La Plume anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Iwowa anangowerama, masamba onse thoo ndi ndakatulo za m'Chiswahili, Chifalansa ndi Chichewa, n'kumapemphanso pepala lina. Mtsikana wina wa ku Malomo anajambula bowa wa mitundumitundu wa m'nkhalango ya Ntchisi, wodyedwa kumanja, wakupha kumanzere. Ine, amene pabawo ku Mponela ndimatha kuyankhula za mtengo wa feteleza kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, nzeru zinandithera pa tsamba 3. Ndinatembenuza cholembera, ndinakanda m'mutu, ndinapita kukataya madzi. Pobwera masamba aja anali akundidikirabe, oyera mbee.

Poti pepala silitayidwa, masamba otsalawo ndinalembamo zomwe ndimazidziwa pamtima: mayina a onse amene ali ndi ngongole yanga, mudzi wawo, ndalama zake ndi chaka chomwe ananena kuti "mawa". Pachikuto ndinajambula nkhuku, ngakhale ambiri akuti ndi mbuzi.

Magetsi atayaka ndinakachititsa fotokope, n'kukayala timabukuto pasitolo ya mnzanga. Abale, musamvere zoti Amalawi sawerenga. Dzuwa lisanapendeke tonse tinali titagulidwa. Mkulu wina amene anandibwereka ndalama ya thumba la feteleza chaka cha njala ija anagula tokwanira banja lonse, n'kufunsa mwaulemu ngati kunyumba kwatsala tina. Alamu anga anatumiza mwana panjinga. Ndalama zimene ndakhala ndikuzilondola mpaka nsapato kutha zidendene zinayamba kubwera zokha, pang'onopang'ono, kudzera m'mabuku.

Mayi akunyumba anaonerera zonsezi osanena kanthu. Anangondipempha kuti ndiwaonetse kapindidwe kake, ine n'kuwaphunzitsa monyadira, mpaka za tizigawo tozondoka tija. Lamulungu lapitali potuluka m'tchalitchi ndinaona amayi a chigwirizano ataunjikana pansi pa mtengo, akuseka mogwirana mapewa. Kabuku kake n'kosokedwa bwino ndi ulusi wa makina, masamba 16, onse oongoka. Muli ngongole zanga za kugolosale, za kwa wometa, za kubanki m'khonde, ndi mbuzi ya apongozi imene ndinati inadyedwa ndi fisi.

Akuti limenelo ndi gawo loyamba.